Njovu zimene ndinaziona ndekha

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni, inu a ku Nkwali, a ku Jumbe ndi ena amene mwachokera kutali. Ine ndine Mbewe, wophika pa kampu ina ya alendo m'mbali mwa Luangwa. Zaka khumi ndi ziwiri ndinali kapolo wa kachasu, ndipo sabata imene ndinamusiya ndi imene ndinatsala pang'ono kufa.

Mukudziwa mmene ntchito yathu imayendera. Mvula ikayamba makampu amatsekedwa, ife n'kubwerera kumudzi kukadikira chilimwe. Anzanga ankagwira khasu, ine ndinkagwira botolo. Ndinkadzitama kuti mutu wanga ndi wolimba, pomwe m'mawa uliwonse ndinkayamba ndalawa kuti manja akhazikike. Mkazi wanga, amake Tisa, anafika posiya kundidzudzula, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandipweteka kuposa mawu.

Chaka chotsatira chilala chachikulu chija, chimanga chili chachiwisi m'minda, ndinaimirira m'tchalitchi Lamulungu n'kulumbira kuti sindidzalawanso. Ndinakhuthulira botolo pansi anthu akuona, amayi akuimba nthungululu. Ndinkayesa nkhondo yatha.

Lolemba thupi linayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, chakudya chikubwerera. Lachitatu masana ndili pakhonde, ndinaona njovu zitadzaza m'munda mwathu, ndipo ndinakuwa. Kuno munthu akakuwa za njovu safunsidwa mafunso. Mudzi wonse unathamangira kumunda ndi zitini, ng'oma ndi agalu, koma anapeza chimanga chili chilili, popanda phazi ngakhale limodzi. Ine ndinkalozabe. Kenako ndinamva nyerere zikundiyenda thupi lonse.

A Sakala, mkulu wa mpingo wathu, anati ndi ziwanda za mowa zikukana kutuluka. Anandilowetsa m'nyumba n'kundizungulira ndi mapemphero. Sindikuwanena, anachita zimene ankadziwa, ndipo inenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Ali mkati mopemphera ndinagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, mpaka kudziluma lilime. Nditatsitsimuka ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndinayesa kuti Mulungu wakana lumbiro langa.

Amake Tisa anatuluka osatsanzika, n'kupalasa njinga kukaitana amayi Mulenga, namwino amene boma linawatumiza kuno kuchokera ku Kasama. Tinkakonda kuwaseka Chinyanja chawo chopindika, koma tsiku limenelo panalibe woseka. Atafika, amayi Mulenga anandigwira pamkono n'kufunsa kuti ndinasiya liti kumwa.

"Pa Sande," anayankha amake Tisa.

"Three days. Ba Mbewe thupi yawo inazolowera moba, mukaichotsera kamodzi ingawaphe. Pempherani, koma mupempherere mu motoka. Tiyeni ku chipatala manje manje."

A Sakala anafunsa ngati kutero si kuchepa chikhulupiriro. Amayi Mulenga anati iwonso amapemphera m'mawa uliwonse asanagwire jakisoni. Mkulu uja anapita yekha kumsewu kukaimitsa lole, ndipo ndi iye anandibereka kumsana kukandikweza.

Kuchipatala anandiika diripi, kundibaya jakisoni ndi kundipatsa mapiritsi okhazika thupi pansi, amene ankawachepetsa tsiku ndi tsiku. Anamwino ankabwera pafupipafupi kudzandiyeza. Masiku awiri oyamba sindiwakumbuka, koma tsiku lachisanu ndinagwira ndekha kapu ya tiyi osataya. Ponditulutsa, dokotala, atamva kuti ndine wophika, anati, "Ife tangotsuka mphika. Chophikamo muona nokha."

Ananena zoona. Chilakolako sichinatsale kuchipatala, chinabwera nane kunyumba. Ndinasintha njira yopitira kumsika kuti ndisadutse pamene amatcheza kachasu. Loweruka lililonse ndinkakhala pansi ndi a Sakala kuwauza zoona zokhazokha, ngakhale zochititsa manyazi, ndipo mwezi uliwonse ndinkakaonekera kwa amayi Mulenga. Anzanga akale ankanditcha abusa, ine ndinkangowayankha kuti zikomo pondikweza udindo. Pano zatha zaka zinayi. Ntchito ndikugwira, ndipo amake Tisa ayambiranso kundilalatira pa zinthu zazing'ono, zimene ndimazimva kukoma.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero lathu kudzera mwa mlendo wochokera kutali. Ndikuthokoza mkazi wanga, ndi a Sakala amene sanaumirire maganizo awo moyo wanga uli pangozi.

Tsono inu amene mwamwa zaka zambiri ndipo mwatopa nazo, musataye mtima, kusiya n'kotheka. Koma musadzitsekere m'nyumba kuti mulimbane nazo nokha. Yambirani kuchipatala, ndipo pemphero lipite nanu. Ngati mukuchita manyazi kukafotokoza, mundipeze tikatuluka muno. Simudzafunika kunena zambiri, ine ndikakulankhulirani, ndipo tikalowa pakhomo paja tili awiri.