Tsiku Limene Amayi Anandipempha Kuti Ndilongolole

Moni abale ndi alongo, ndi inu akumbuyo amene mwangobwera kudzaona ngati mwendo ndikadali nawo. Nawu. Yezu atamandike.

Mukundidziwa. Ndine Fabiano wa ku Mayani, uja aphunzitsi amamukhazika kutsogolo chifukwa cha pakamwa. Kusukulu ndi kwathu nyimbo inali imodzi: Fabiano, khala chete.

Mwezi wa Juni, chisanu cha kuno mukuchidziwa, ndinawamvera chisoni anzanga odzutsidwa ndi belu la Misa. Tsono madzulo ena, anthu ali ku mpira, ndinakwera pansanja n'kumanga lilime la belu ndi chiguduli. Potsika, msomali wadzimbiri unanding'amba katumba. Ndinabisa. Bala linatukusira, mwendo n'kutupa ngati mtondo. Anandinyamula pa machila kupita kuchipatala, amayi akutsatira pambuyo.

Dokotala, mzungu wadazi wa Chinyanja chopindika, anati, "Tikapanda kung'amba lero n'kuchotsa mafinya, mwendowu udulidwa."

Amayi anagwira machila. "Iyayi. Alongo anga anawagonetsa ndi mankhwala ku Joni, sanadzukenso. Uyu simumugonetsa."

Abale, apa ndinaopa. Kugona, imfa. Kusagona, mwendo. Ndinalira, inde ineyo.

"Mayi, sitimugonetsa," anatero dokotala. "Tigonetsa mwendo wokha. Mwini wake akhala maso."

"Nanga ine ndili panja ndidziwa bwanji kuti ali maso?"

"Amalankhula mwanayu?"

"Bambo, musafunse."

"Ndiye imani pawindo. Akasiya kulankhula, mulowe."

Jakisoni analuma ngati mavu, kenaka dzanzi. Ndinkamva kukoka, ndinkamva mpeni ukuyenda, koma ululu ayi. Uku akung'amba, dokotala anandiuza kuti mankhwalawo anayamba ndi dokotala wina wakale, kutsidya kwa nyanja, amene ankayamba wadzibaya yekha pamkono kuti aone ngati agwira ntchito. Ndinati ameneyo akanaphunzira kuno tikanakhala benchi imodzi.

Ndipo ndinalongolola, abale. Ndinatsanzira aphunzitsi a Chilatini. Ndinatsanzira tambala wa asisitere. Nditangoima kuti ndimeze malovu, mawu a amayi pawindo: "Fabiano! Lankhula, mwanawe."

Chibadwire changa, amayi anali asanandipemphepo zimenezo. Ndinapitiriza mpaka anamaliza kusoka.

Lero ndikuyenda, mpira ndayambanso, chatsala n'chipsera. Ndithokoza Mulungu. Ndithokoza dokotala wadazi, ndi mnzanga uja wodzibaya pamkono.

Abambo mfumu andifunsa ngati ndikumva chisoni ndi nkhani ya belu. Ndawauza zoona: chisoni changa chili pa msomali. M'mawa uja nonse munagona mpaka dzuwa kulowa m'mabulangete, ndipo palibe anabwera kudzati zikomo.

Kwathu nako zinasintha. Amayi akayamba kuti, "Fabiano, khala," amaima pomwepo, n'kundiyang'ana mwendo. Kenaka amati, "Chabwino, pitiriza. Koma utsitseko mawu."