Mabawuti a Kunsi kwa Nyumba ya Apongozi

Nkhondo itatha kuno ku Bougainville, kampani ina ya ku Arawa inabwera kudzamanga nyumba zokhala m'mwamba pa nsanamira pamene moto unasiya phulusa, ndipo yomalizira m'mudzi mwathu inali ya mayi Perpetua. Tsiku loti lole ya kampaniyo inyamuke ndi zipangizo zonse, mkamwini wawo Linus, mmisiri woti ukamuuza kuti dikira pano umakamupeza pomwepo mawa lake, anaima pabwalo atagwira sipanala yaikulu, mtima uli m'mwamba.

Zitsulo zopingasa za kunsi kwa nyumba zinafika mochedwa pa sitima, ndipo mabawuti ake anali asanamangidwe. Koma mayi Perpetua anali atalowa kale m'nyumbamo tsiku lina amisiri atapita kukadya, ndipo chilowereni sanaisiyepo yokha. Akafuna kupita kuseri ankayamba akweza mwana wawo Imelda kapena mdzukulu wawo Loreta, ndipo lero awiriwo anali kumsika. Tsono kwathu kuno mwamuna salowa kunsi kwa nyumba mkazi ali pamwamba, nanji mkaziyo atakhala mpongozi wako. Mafupa amafooka, chifuwa chimakugwira chosatha, ngakhale nsomba zimaithawa mbedza yako.

"Odi, amayi," anatero Linus, maso ali pa mtengo wa kokonati.

"Ndakuonani kalekale, bambo a Loreta. Mukuodira ine kapena mtengowo?"

"Inu, amayi. Mtengowu ndangoikapo maso."

"Nenani."

"Ndimapempha kuti mutsike. Ndikufuna ndilowe kunsiko ndikamange mabawuti."

Mayi Perpetua anatafuna mosafulumira buai wawo, kachipatso kofiiritsa m'kamwa kamene timatafuna kuno, n'kulavula malovu ofiira psuu pafupi ndi chala cha mkamwini.

"Nyumba inatha iyi. Ndagonamo, sinagwe."

"Sinagwe chifukwa chivomezi sichinabwere."

"Mwachiitana?"

"Ayi, amayi. Sindidziwa kumene amaitanira."

"Nanga tsono?"

"Chikabwera, nsanamirazi zidzayenda ina uku ina uko. Thanki yamadzi ikulemera mbali imodzi. Ndipo Loreta amagona ndi inu m'menemo."

"Mdzukulu wanga musamulowetse m'zimenezi."

"Sindimulowetsa ine, amayi. Amalowa yekha madzulo alionse."

"Hmm! Bwerani mawa."

"Mawa sipanala idzakhala kutsidya. Ilipo imodzi yokha kampani yonse, ndipo mlatho paja anauphulitsa. Mtsinje ukadzaza, lole siibwereranso msanga."

"Kampani yanji ya sipanala imodzi? Ine wosauka ndili ndi mipeni iwiri." Anakoka mpando n'kukhazikika bwinobwino. "Mverani, bambo a Loreta. Ine muno ndidzatsika atandinyamula amuna anayi."

Nkhope ya Linus inawala.

"Alipo, amayi! Ali kumsewu, akupakira katundu m'lole. Ndikawaitane?"

"Mayo ine! Mukundifunira maliro?"

"Ayi, amayi. Ndikufuna mabawuti okha."

"Ndikunena tsiku la imfa yanga, munthu inu!"

"Ooo." Linus anakanda m'mutu ndi sipanala. "Ndiye lole siingadikire mpaka pamenepo."

"Mwati chiyani?"

"Ndati muli ndi thanzi, amayi. Tikuthokoza Mulungu."

Mayi Perpetua anapukusa mutu.

"Makolo athu ankamanga ndi zingwe za m'tchire, denga la masamba. Chivomezi chikabwera nyumba inkavina nacho, icho chikatopa n'kumapita. Mabawuti anawaonera kuti?"

"Zoona, amayi. Mabwana nawonso amatero. N'chifukwa chake matabwa tinacheka a konkuno, pa chitsa chilichonse n'kubzalapo mitengo ina. Koma masamba munawakana, munati mukufuna malata."

"Masamba amayaka."

"Malata amalemera."

"Ndiye achotseni malata anuwo!"

Linus anakweza maso padenga, milomo ikugwedera ngati mwana amene wapatsidwa samu.

"Zimenezo n'zotheka. Padenga ndikhala pamwamba panu, palibe choletsa."

Ananyamula makwerero amene anali atagona pa udzu n'kuwatsamiritsa pakhoma.

"Mukutani?"

"Ndiyambira kuchipinda kwanu. Ndifulumire, mitambo ija si yabwino."

"Siyani makwererowo! Ambuye wanga, Imelda anamutola kuti munthu ameneyu?"

"Ku Wakunai, amayi. Ku mpira."

Kumsewu hutala inalira. Thukuta linayamba kuyenda m'khosi mwa Linus. Munthuyu akanatha kupirira kukalipiridwa ndi bwana, koma sakanatha kugona tulo podziwa kuti mwana wake ali pa nsanamira zosamanga.

"Amayi, nanga ndikaitane Blaise adzakusungireni nyumba inu mutatsika?"

"Blaise uja anali m'tchire ndi mfuti?"

"Pano ndi mmisiri. Zitseko zanuzi anapala ndi iyeyo. Paja munatafuna naye buai pa mwambo woyanjana, mwala munakwirira limodzi."

"Ndinamukhululukira. Sindinamupatse nyumba yanga."

"Ndiye tichite chonchi. Inu mukakhale kumapeto uko, kukhitchini. Ine ndilowa mbali ino. Mutu wanga ukhala kunsi kwa matabwa okha."

"Mudziwa bwanji pamene ndili?"

"Muziimba."

"Ndiziimba! Ndasanduka wailesi ine?"

"Ayi, amayi. Wailesi bola, siyendayenda."

Kaya anatopa, kaya ankafuna kuona mathero ake, mayi Perpetua analowa m'nyumba. Posakhalitsa kukhitchini kunamveka nyimbo ya m'tchalitchi, mawu ake okuluwika ndi buai. Linus anachita chizindikiro cha mtanda, anawerama, n'kulowa kunsi ngati akulowa m'khola la nkhumba yolusa. Anakoleka sipanala pa bawuti loyamba. Anazunguliza kamodzi. Kenako anaimika khutu. Nyimbo ija inali ikukula, ndipo matabwa ankalira kwii, kwii, kulunjika pamene iye anali. Anataya sipanala, anagunda mutu pa mtanda, bondo pa nsanamira, n'kukathera m'thope momwe mumagona nkhumba za anansi.

"Amayi! Nyimbo yasuntha!"

"Nyumba ndi yanga, nyimbo ndi yanga," anayankha mayi Perpetua akutulukira pakhonde.

"Munatsala pang'ono kufika pamutu panga! Bondo layamba kale kufooka."

"Bondolo mwaligunditsa nokha, ndakuonani pa mng'alu."

"Mumasuzumira chiyani?"

"Ndimafuna ndione ngati muli ndi machesi."

Linus anadzisisita m'matumba. Anatulutsa kabokosi n'kukagwedeza, tseketseke.

"Ndili nawo, amayi. Ndikuponyereni?"

Pakhonde kutafuna kuja kunaleka. Linus anadikira, ndipo kumsewu hutala inaliranso.

"Chonde, amayi. Tsikani pang'ono chabe."

"Eya. Mawu ake ndi amenewo."

"Mawu a ndani?"

"A amuna aja. 'Mayi, tsikani pang'ono chabe.' Anali aulemu ngati inu nomwe, mfuti atazibisa kumbuyo. Wina anachita kundigwira dzanja pa masitepe kuti ndingagwe. Nditaponda pansi anafunsa kuti, m'nyumba mwatsala munthu? Ine ndi chilungamo changa ndinati ayi. Nyumba ya anansi anga a Scholastica anaidumpha chifukwa munali wodwala. Yanga munalibe munthu, bambo a Loreta. Ndinaima pamene mwaimapo, ndikuionerera ikupsa mpaka nsanamira yomaliza."

Linus anamva chisoni, komanso manyazi. Kabokosi kaja kanamutentha m'manja, ndipo anakaponda m'thope ndi chidendene. Kenako anaganiza monga amaganizira, chinthu chimodzi kenako chinzake.

"Ndiye vuto si kutsika ayi," anatero. "Vuto ndi nyumba kutsala yopanda munthu wanu."

"Mwazindikira lero?"

"Ine ndine munthu wanu, amayi?"

Mayi Perpetua anamuyang'ana kuyambira kumutu kotupa mpaka kumapazi a thope.

"Mwatsoka langa, inde."

"Ndiye ndikwere ine."

"Mabawuti amange ndani? Nkhumba?"

"Nkhumba siingathe, amayi." Anabwezera maso pa mtengo wa kokonati. "Koma mkazi kulowa kunsi mwamuna ali pamwamba, palibe choletsa."

"Ine? Ndikwawe pansi ngati bakha, ine mwini malo ano?"

"Zoonadi, sizingatheke. Sipanalayo ndi yolemera. Pa msinkhu wanuwu simungaikweze."

"Mwati bwanji?"

"Ndati pa msinkhu wanu..."

"Manja awa anapala kokonati zaka zonse za nkhondo, kufinya mafuta oyendetsera galimoto za anthu, inu mukusewera mpira ku Wakunai! Kachitsulo kameneko kandikanike ine? Kwerani!"

Kusinthana kwake kunali ntchito payokha, popeza mkamwini ndi mpongozi sapanikizana pa masitepe. Mayi Perpetua anaima pa sitepe yapamwamba atagwira chitseko, Linus n'kuzungulira kuseri ndi makwerero ake, n'kulowera pawindo la kukhitchini ngati wakuba.

"Ndalowa, amayi!"

"Pukutani mapazi! Mukhale pakati penipeni. Ndipo mumve bwino. Aliyense akabwera, kaya ndi bwana wanu, kaya wansembe, kaya ndani, osatsika."

"Kaya ndani?"

"Kaya ndani!"

Mayi Perpetua anatsika akucheuka pa sitepe iliyonse. Ataponda pansi anaima kaye, akupuma ndi pakamwa. Kenako anamanga nsalu m'chiuno, anawerama, n'kukatola sipanala pamene mkamwini anaitaya.

"Ndizungulizire kuti?"

"Ngati mukutseka botolo, amayi!" anafuula Linus atagona chafufumimba, pakamwa pali pa mng'alu.

"Botolo lanji lalikulu chonchi?"

"Si botolo, amayi, ndi bawuti."

"Ndikudziwa! Khalani chete!"

"Ndikakhala chete simudziwa polekezera."

"Ndiye lankhulani!"

"Kokani mpaka lilire."

Kunsi kunamveka kubuula, kenako chitsulo chinati ng'ii.

"Lalira."

"Lalira bawuti kapena mwalira inu?"

"Ndikatuluka muno mundiona."

Anayenda nsanamira ndi nsanamira, akutukwana bawuti lililonse ndi dzina lakelake, mkamwini akuwatsatira pamwamba chokwawa. Atamanga lomaliza anatuluka tsitsi lili ndi ndandaule za akangaude. Anakankha nsanamira ndi phewa, koma sinagwedezeke. Anabwerera chafutambuyo mpaka pa mtengo wa kokonati, ndipo apo m'pamene anaiona nyumba yawo yonse koyamba, itaima, malata akunyezimira, thanki ili pambali. Anasangalala mpaka misozi, ngakhale akanafunsidwa akanati ndi fumbi.

Hutala inalira motalika, injini n'kuyamba kuguguda.

"Bambo a Loreta! Ndamaliza. Tsikani mukapereke chitsulo chawochi."

"Sindingathe, amayi."

"Bondo lija?"

"Bondo lachira. Koma munati osatsika."

"Ndinkanena anthu ena! Ndine ndikukuitanani, mwini nyumba!"

"Ndinafunsa, amayi. Munati kaya ndani."

"Chabwino, ndiima pa sitepe ngati poyamba, inu mutulukire pawindo panu."

"Pawindo n'kutsikanso."

"Ndiye ndilowe bwanji mkamwini atagona pakati pa nyumba yanga? Anthu amva kuti chiyani?"

"Musalowe, amayi. N'zosayenera."

"Ndigona kuti?"

"Kunsiko n'kolimba tsopano. Mwamanga nokha."

Mayi Perpetua anakweza sipanala m'mwamba, kenako anaitsitsa, pokumbukira kuti ilipo imodzi yokha.

"Lole ikusiyani! Akuchotsani ntchito!"

"N'kutheka, amayi."

"Palibe angaigwire nyumbayi. Ndili pompano ine, ndikuiona ndi maso angawa."

"Nthawi ijanso munali pomwepo."

Kumsewu amuna anayamba kuitana dzina la Linus. Mayi Perpetua anayandikira masitepe, sipanala ili paphewa, n'kufewetsa mawu ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala.

"Bambo a Loreta. Mwana wanga. Tsikani pang'ono chabe."

Chitseko chinatseguka pang'ono. Panatulukira mutu wotupa uja, maso ali pa mtengo wa kokonati.

"Pepani, amayi. M'nyumba muno muli munthu."