Kiyi wa Mayi Maness Tiwale

Malemu Mayi Maness Tiwale, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Malichi 1968 ku Mitundu. Pulayimale anaphunzira kwawo komweko, sekondale ku Dedza, ndipo mu 1989 anamaliza maphunziro a usekilitale. Mu 1992 anamanga banja ndi Bambo Medson Tiwale, nakhazikika kuno ku Area 25.

Mu 1995 analembedwa ntchito pa kampani ina yonyamula katundu ku Kanengo. Dzina lake sititchula. Eni ake akudzidziwa, ndipo ena akhala pamipando yakutsogoloyi.

Mu 2004 kampaniyo inalumikiza makompyuta ake ku intaneti, ndipo malemu anapatsidwa kiyi, kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, kolowetsa pakompyuta. Popanda kiyiyo lole sinkaloledwa kutuluka ndi katundu, ndipo chilichonse chochitika naye chinkalembedwa m'dzina la mwini wake. Anawalangiza kuti asabwereke munthu. Iwo ankamuvala m'khosi, ngakhale popita kutchalitchi, mpaka anzawo a kwaya ankawaseka.

Mu Okutobala 2007 bambo awo owabereka anamwalira ku Mitundu. Malemuwa akuthamangira minibasi, misozi ili m'masaya, bwana wawo anawapepesa, kenako anawapempha kuti asiye kiyi kuti ntchito isaime. Tonsefe tinaleredwa mwaulemu. Ndani angakanize munthu wamkulu amene wangomupepesa maliro? Malemu anavula kiyiyo napereka ndi manja awiri.

Pobwerera anapeza malole awiri a feteleza atasowa, kompyuta ikuloza iwo. Mudzi wonse unawaona ali pasiwa tsiku limene malolewo anatuluka, koma mabwana anati makina sanama. Sanama inde, koma sadziwanso dzanja limene lawagwira. Amene analandira kiyi uja anakana kwamtuwagalu, ndipo mu Januwale 2008 malemu anachotsedwa ntchito ngati mbava. Zimenezi zimatipweteka mpaka lero.

Anayenda m'maofesi kufuna kuyeretsa dzina lawo, nsapato zinatha, koma ankangowauza kuti abwere mawa. Kumsika anasiya kupita chifukwa cha zala zowaloza. Chaka chomwecho anayamba kudwala matenda a kuthamanga kwa magazi. Pa 3 Juni 2009 anagwa akusesa pakhomo, ndipo pa 6 Juni anatisiya ali kuchipatala. Madokotala anena zawo. Ife abanja tikudziwa chimene chinawadya.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, Pauline, Flywell ndi Chisankho, komanso mayi awo okalamba. Tikuthokoza a mpingo, amfumu, adzukulu, ndi amayi a m'dera lino amene sanawataye pamene ena ankawathawa. Nkhata ya maluwa imene kampani yatumiza ili kunja kwa mpanda. Eni ake aitenge potuluka.

Ana inu, dzutsani nkhope, anthu onsewa amve: mayi anu sanabe.

Mayi Maness, usani mumtendere.