Mafunde a Lachisanu anali atanyamuka kale

Abale ndi alongo, moni nonse amene mukuwerenga. Ndine Banda wa ku Brampton, uja amakhala kumbuyo m'tchalitchi ndi buku la ku laibulale m'thumba la jekete. Umboni wanga ndi wa mwana wanga Tamanda, amene ndinatsala pang'ono kumutaya m'madzi tisakulankhulana.

Tamanda ndi namwino, anabadwira konkuno ku dziko la eni. Anayamba masewera oimirira pa thabwa pamwamba pa mafunde, pa nyanja ya Ontario pomwepa, nyengo yozizira anthu anzeru ali m'nyumba. Ndinkangoseka. Koma chaka chatha anabwera kudzatsazika kuti akupita ku Portugal, kumene mafunde amatalika ngati nyumba zosanja. Anagwada bwinobwino monga tinamuphunzitsira, nati, "Adadi, ndikupita. Mundipempherere." Ine ndinangotembenuza tsamba la buku langa, osayankha. Anadikira mpaka mawondo kuwawa, kenako ananyamuka.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndili ndi matenda akuti chimene chandiopsa ndimakachiwerenga. Ndinabwereka mabuku atatu a za nyanja. Akuti mafunde aakulu sabadwira pagombe. Namondwe amawomba masiku angapo pakati pa nyanja, kutali kwambiri, ndipo mafundewo amapitiriza ulendo okha mphepo itatha kale. Akutinso madziwo sapita kulikonse, amangokwera ndi kutsika pomwepo, chimene chimayenda ndi mphamvu yokha. Ndinayesa kukutumula bulangete pabalaza kuti ndimvetse, mpaka amake Tamanda anandifunsa ngati ndapezamo nsikidzi. Kumene anapita mwanayo akuti pansi pa nyanja pali chigwa chakuya chimene chimasonkhanitsa mphamvuyo n'kuiimiritsa pagombe. Buku lililonse linkandiwonjezera mantha, koma foni sindinamuimbire.

Amake atandiuza kuti Lachisanu ndiye tsiku lolowa m'mafunde aakuluwo, ndinapempha gulu lathu la mapemphero kuti Lachinayi tisale kudya, nyanja ichite bata. Tinasaladi. Koma ndili m'basi popita ku ntchito ndinakumbukira zomwe ndinawerenga: mafunde a Lachisanu anali atanyamuka kale kumayambiriro kwa sabata. Ndiye tinkapempherera chiyani? Kodi pemphero limabwerera m'mbuyo kukaletsa namondwe amene anawomba kale? Nditafunsa mkulu wa mpingo, bambo Zulu, anangoti, "A Banda, chepetsaniko mabuku." Njala ndinali nayo, yankho ndinalibe.

Lachisanu m'mawa, ndikusanja makatoni ku ntchito, foni inalira ndi nambala yachilendo. Mzimayi wina, m'Chingerezi chovuta kumva, anati Tamanda wagwa, funde lamupondereza pansi, lachiwiri lamupeza asanapume, ndipo akupita naye ku chipatala. Foni inaduka. Ndinakhala pa katoni. Za chigwa ndi namondwe zonse zinathawa m'mutu, ndinkangoona mwana atagwada, ine maso ali pa buku. Pemphero lomwe linatuluka linali lalifupi: "Ambuye, ndiloleni ndimuyankhe."

Patapita maola awiri Tamanda anaimba yekha, mawu atasasa. Mzimayi uja ndi woyendetsa njinga yamoto ya pamadzi yopulumutsira anthu. Tsikulo silinali lake logwira ntchito, anangolowa m'malo mwa mnzake amene anadwala, ndipo anamuvuula Tamanda funde lachitatu lili pafupi. Nthiti ziwiri zinathyoka, basi. Ndinalira pamaso pa anzanga onse, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndinalakwa, undikhululukire. Komatu ndinasala kudya kuti nyanja igone." Iye anaseka, nthiti n'kumulasa. "Adadi, chonde musandiseketse."

Mpaka lero sindikumvetsa. Nyanja sinachite bata, inalusa kuposa mmene ankayembekezera. Amake akuti iwo tsiku losala lija nyanja sanaitchule n'komwe, ankapempherera ine kuti mtima ufewe. Ndiye kaya ndi pemphero la ndani linayankhidwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana ali moyo, ndipo timaimbirana. Wandiuza kuti akachira abwererako, moti mtima wanga uli kale m'mwamba.

Ndikuthokoza Mulungu, ndi inu nonse amene munakhala ndi njala chifukwa cha pemphero langa lokhota lija. Amene muli m'mayesero, musaleke kupemphera ngakhale simukudziwa choti mupemphe. Mulungu anamva langa, lomwe ine mwini sindinkalimvetsa.