Dzanja la Bambo Anga

Lero Loweruka, mu Januwale, ndadzuka nyumba ili zii, mtima uli wolemera. Bambo anga amasesa misewu ku Woolwich, kuno kudziko la azungu kumene tikukhala. Amanyamuka ndisanadzuke, ndikamabwera kusukulu amakhala atagona. Pa hita yotenthetsera m'nyumba asiya magolovesi awo athonje, onyowa, obooka m'zala. Apita manja ali pamtunda, kunja madzi ataundana.

Ndinathamangira kumsika kukawagulira ena. Mayi wina wa ku Chipata wogulitsa zovala anati, "Athonje iyayi, mwanawe, amamwa madzi. Tenga awa, kunja chikopa, mkati ubweya. Dzanja lawo n'lalikulu bwanji?"

Omvera anzanga, sindikukumbukira tsiku limene ndinaligwira komaliza.

Ndabwerako chimanjamanja. Mawa ndidzuka nawo limodzi, ndiwapatse moni wapamanja, ndiyeze dzanja lawo ndi langa.