Mwayi Uli ndi Asewere Anga

Pamzere wa ku positi ofesi, mayi wina anakumbatira katoni yomata bwino. Mayi amene anaima kumbuyo kwake anasuzumira adiresi.

"Roma! Muli ndi mwana kumeneko, mayi? Anzathu muli ndi mwayi. Wanga ali pakhomo, ntchito yake kugona."

"Mwayi wake uti? Mwayi uli ndi asewere anga."

"Nawonso ali ku Roma?"

"Ayi, ali pachilumba china, amati Malta. Kuchoka ku Roma pandege ndi ola limodzi ndi theka basi. Mwana wanga amapitako mwezi ndi mwezi ndi mwamuna wake, kamdzukulu kali m'manja."

"Ola ndi theka? Si nthawi imene taima panoyi?"

"Ndiye mwaonatu. Iwo amakasambitsa, amakadyetsa, dzino loyamba anayamba kuliona ndi iwo. Ine wobereka mayi wakene ndimangokaonera pafoni."

"Pepani. Nanga mukatonimu muli chiyani?"

"Kajuzi. Ndaluka ndekha miyezi iwiri."

"Akakondwa zedi."

"Kaya. Chaka chatha ndinatumizanso kena. Ananditumizira chithunzi, kajuzi katavalidwadi, koma mwanayo ali pamiyendo pa asewere angawo, akuwasekerera."