Chikuto Chodulidwa

Pa siteji ya basi ku Nkhotakota, Chande anakhala atagwira mbale ya galamafoni imene anaitanitsa ku Joni kudzera pa positi. Bambo wina wachilendo, wovala baji ya chipani, anamuyandikira.

"Achimwene, chikuto cha mbale yanuyi chatani?"

"Chang'ambika m'njira. Mbale yokha ili bwino."

"Bwanji osakadandaula?"

"Ayi, ndikangochimata ndi phala la chinangwa."

"Koma taonani, podukapa mpowongoka ngati padutsa lezala. Achotsa chithunzi cha woimba. Mukuganiza kuti wadula ndani?"

Chande anayang'ana baji ya chipani ija.

"Makoswe, bambo. Katundu akamayenda, makoswe salephera."

"Makoswe a lezala?"

"Ine sindinawaone."

"Mwayankha bwino. Mukapitiriza kusaona choncho, nyimbozi mudzazimvera kwanu, ana anu ali pambali."